Munda Nambala Wani

Consolata, mkazi wanga, tinamuika mu Epulo 2009, kwawo ku Msekeni, kuseri kwa Ludzi. Maliro atangotha ndinabwerera ku ntchito, osati chifukwa cholimba mtima ayi, koma pakhomo panalibe choti ndichite. Anthu ankabwera kudzandipepesa, ine n'kumangoti zikomo, zikomo. Sindinkalira. Chakudya ndinkadya, tulo ndinkagona, kutchalitchi ndinkapita, koma zonsezo zinkakhala ngati zikuchitikira munthu wina amene ndangobwereka malaya ake.

Nyumba yathu tinamanga pamalo a apongozi anga, ndiye ine ndinali mkamwini. Tinali ndi mwana mmodzi, Madalo, amene chaka chimenecho anali mu sitandade wani. Ku Msekeni mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali a Elias, alongo ake a malemu. Mkazi akamwalira pachikamwini, pakapita miyezi abale ake amamuitana mwamunayo, kumuthokoza bwinobwino, n'kumumasula kuti azipita kwawo akayambe moyo wina. Kumeneko ndiye kusudzula. Ana amatsala. Nthawi zina akamukonda mkamwiniyo amamuuza kuti akhale, alere ana ake. Ine ndinapempha zimenezo: andilole kukhala, kapena ngati sizitheka, ndichoke ndi Madalo.

"Tamva, alamu," anatero a Elias. "Tikhala pansi. Tidzakuuzani."

Chilimwe chonse chinatha ndikudikira yankho.

Ntchito yanga inali kwa mayi Rhoda, amene anali ndi masitolo atatu a mbewu ndi feteleza: pa Mchinji Boma, pa Kamwendo, ndi ina kufupi ndi malire. Ankafuna kuti masitolo onsewo aziona makasitomala amodzimodzi pa kompyuta, kuti munthu akagula pa Kamwendo, a pa Boma adziwe mbewu imene anatenga ndi mudzi kumene lole ikatule matumba. Ndinayamba ntchitoyi titangochoka ku Lilongwe, Consolata atadwalika n'kunena kuti akufuna kukhala pafupi ndi amayi ake.

Ofesi yanga inali kachipinda kakuseri kwa sitolo ya pa Boma, pakati pa matumba a feteleza amene fungo lake linkandiyabwa m'mphuno. Seva, imene inkasunga zonse za masitolo atatuwo, inali kompyuta yakale yokhala pa makreti awiri, pambali pake mabatire a galimoto oyembekezera magetsi akazima. Zimene atsikana ogulitsa ankaona pasikirini, mabokosi olembamo ndi mabatani, chinali chikopa chabe. Ine ndinkalemba zamkati, malamulo oyendetsa kompyuta amene timawatcha kodi. Mtsikana akadina batani pa Kamwendo, pempho lake linkayenda pa intaneti kudzafika pa makreti aja, kodi yanga n'kulilandira, kuona ngati zonse zili m'malo, kenako kulemba mu detabesi, kaundula wa mu kompyuta, kapena kukana. Ndi ntchito yonga ya wophika pa ukwati, palibe amakudziwa mpaka china chitapserera.

Poyamba penipeni ndinalakwitsa. Ndinakonza detabesi momwe tinkachitira ku Lilongwe: pamwamba dzina la bambo, pansi pake mkazi ndi ana. Mayi Rhoda atayang'ana anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Sukulu yonse ija, bambo a Madalo? Kuno kasitomala wanga ndi munda. Mwamuna chaka chino ali pano, chaka chamawa ukwati watha, wapita. Ine ndizikatula feteleza kumene kwapita iyeko?"

Ndinagwetsa zonse n'kuyambiranso. Pamwamba ndinaika munda ndi mwini wake, pansi pake anthu ololedwa kudzatenga katundu m'dzina la mundawo: mwamuna, ana, aliyense. Ndinaikanso lamulo lakuti palibe kasitomala angalembedwe opanda mudzi, chifukwa lole siingapite kumene kulibe dzina. Lamulolo ndinalemba ndekha, ndi manja angawa, ndipo ndinkaliona lanzeru kwambiri.

Wolemba kodi aliyense akafuna kuyesa ntchito yake amayamba ndi maina a m'nyumba mwake. Inenso ndinatero. Linali Lamlungu masana, Consolata atagona pamphasa pakhonde, ine laputopu pamiyendo. Munda nambala wani, mwini wake Consolata, mudzi Msekeni. Pansi pake Vitus, mwamuna. Pansi pakenso Madalo, mwana.

"Ndiye mwandipatsa munda wa mu kompyuta?" anafunsa. "Chabwino. Umenewo muzilima ndinu, mwamuna wanga wa ku P.O. Bokosi."

Ankanditcha choncho chifukwa ine kwathu kulibe. Ndinabadwira pa esiteti ya fodya. Makolo anga anali matenanti, ankasamuka esiteti iyi kupita ina nyengo ikatha. Bambo ankati kwathu ndi ku Phalombe, koma sanatitengereko, ndipo dzina la mudzi ankalitchula mosiyanasiyana malinga ndi momwe amwera. Onse awiri anagona m'manda a matenanti kumapeto kwa esiteti ina, imene inagulitsidwa kalekale, pamandapo pali bulugamu tsopano. Ansembe ndi amene anandiphunzitsa. Paliponse pofunsa mudzi ndinkalemba bokosi la sukulu, kenako la kuntchito.

Nambala wani ija sindinaifufute titayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu. Mayi Rhoda anati ikhale, popeza munda wa Consolata unalipodi, ndipo mbewu tinkagula kwa iwo omwewo.

Mu Seputembala, patapita miyezi chimwalirire Consolata, mayi Rhoda analowa m'kachipinda kanga akupukuta manja pachitenje.

"Pali vuto. Mayi wina wa kwa Kapiri anamwalira, mwamuna wake amusudzula. Enifa pa Kamwendo wadina kufufuta, ndiye zapita zonse, munda, ana, mbiri ya mbewu, zonse. Ine sindikufuna choncho. Munda utsale, upite m'dzina la m'bale amene watenga. Ana atsale pamundapo. Bamboyo musamutaye, akalima kumene akupitako, ndi kasitomala wanga ndithu. Mumutsegulire tsamba lakelake, ndi mudzi wakwawo."

Atamaliza kulankhula anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Pepani, bambo a Madalo. Pakamwa pangapa."

"Ntchito ndi ntchito, mayi," ndinatero. Sindinkanamizira kulimba. Mawu awo anangondidutsa.

Ndinalemba kodiyo m'mawa umodzi, ndipo kunena zoona inali kodi yabwino. Seva ikalandira pempho inkasintha dzina la mwini munda, kuchotsa mwamuna pamundapo, kumutsegulira tsamba latsopano, n'kusiya ana pomwe ali. Zonsezo ndinazimanga mtolo umodzi: zichitike zonse pamodzi, koma chimodzi chikakanika, zonse zibwerere momwe zinalili, kuti pasakhale munthu wotsala m'malere. Batani lake ndinalemba kuti "Samutsa", koma atsikana a m'masitolo ankangoti batani la sudzula, ndipo dzinalo linakhazikika. Ndinaliyesa ndi maina opeka, a Phiri opita ku Dedza, a Banda opita ku Kasungu. Linkagwira bwinobwino. Sindinaganize zoliyesa ndi munthu wopanda kopita.

Kunyumba zinthu zinkasintha pang'onopang'ono, ine n'kumangoziona ngati mmene ndimaonera mizere ikudutsa pa seva. Bulangete la Madalo linasamukira kwa agogo ake, ati usiku amalira, akufunika munthu wamkazi. Yunifomu yake anayamba kuchapa ndi a Ruth, ang'ono ake a malemu. Apongozi anasiya kundituma, anayamba kundipatsa ulemu wa mlendo, kunditengera mpando ndikafika. Chimene chinatsala changa chinali cha madzulo. Ndikatsika minibasi pamsewu ndinkatenga njinga yanga pagolosale pomwe ndinkaisiya, ndipo Madalo ankandidikira pamtengo wa mango polowera m'mudzi. Ndinkamukweza pakaliyala, iye n'kugwira lamba wanga, mpaka kunyumba. Ulendo wake unali waufupi, koma tsiku langa lonse linkapita kumeneko.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, ndipo m'mawa mwake masitolo onse anadzaza. Aliyense ankafuna mbewu tsiku lomwelo. Ine ndinali m'kachipinda kanga kuyang'anira seva, mizere ya mapempho ikutsika pasikirini, yoyera yonse. Chakumasana panadutsa mzere wofiira. Kenako wina, kenako winanso. Munthu ankadina batani mobwereza, seva n'kumakana.

Ndinawerenga mzerewo. Pempho lochokera pa Kamwendo, losamutsa mwamuna. Munda nambala wani. Mwini watsopano, Ruth. Chifukwa chokanira: mudzi wa wosamutsidwa palibe.

Ndinauwerenganso kachiwiri mwina ndaona molakwa, koma unali womwewo. Ndikukumbuka kuti ndinatenga kapu ya tiyi wozizira n'kumwa. Kenako foni inalira.

"A Vitus, ndine Enifa. Chinthu chanu chija chakana." Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ndi wailesi. "Ndadina sudzula, chikungoti mudzi, mudzi. Bambo abwerawa akuti mudzi wa alamu awo sakuudziwa. Ndasiya popanda kanthu, chikukana. Ndiye tsamba silikutsekeka, sindingagulitse, anthu ali pamzere mpaka panja."

Enifa anali atangoyamba ntchito chaka chomwecho. Ine ankandidziwa pafoni pokha, ngati a Vitus a makompyuta. A Vitus m'boma la Mchinji ndi ambiri.

"Bambowo ali pomwepo?" ndinafunsa.

"Ali pompano."

"Apatseni foni."

Ndinamva foni ikusintha manja, kenako mpweya wa munthu.

"Halo? Ndine Elias wa ku Msekeni. Pepani bwana, takuvutitsani."

"Alamu, ndine."

Wailesi ya m'sitolo inkalengeza za mvula.

"Alamu," anatero pomaliza. Mawu awo anali atatsika. "Aa. Ine sindimadziwa kuti foniyi ifika kwa inu. Ndimadziwa kuti mumagwira kwa mayi Rhoda, koma ndimayesa pa Boma pokha."

"Zonse zimafika kuno."

"Ife timati tikuuzeni Loweruka, mwaulemu wake, anthu atakhala pansi. Ndi mtsikanayu wangondifunsa kuti mbewu ndilembe kwa ndani, poti mwini munda anatisiya. Ndiye ndangoyankha zoona. Sindimafuna kuti mumve chonchi, alamu, Mulungu akuona."

Ndinawakhulupirira. A Elias si munthu woipa. Ndi iwo amene ankasinthana nane kugona kuchipatala, ndipo bokosi la mlongo wawo anakhoma okha.

"Ndiye mwagwirizana," ndinatero.

"Tagwirizana. Inu ndinu mwana, alamu, simungakhalire kuyang'ana manda. Mudzafuna kukwatira, ndipo simungabweretse mkazi wina pamalo a malemu. Amayi akuti tikumasuleni mtima uli woyera. Palibe chimene munatilakwira."

"Nanga mwana?"

"Mwana ali kwawo, alamu. Ruth amulera ngati wake. Inu muzibwera kudzamuona nthawi iliyonse, khomo ndi lotsegula. Ndinu bambo ake, zimenezo palibe angafufute."

Ndinafuna kuwauza kuti zimenezo zimafufutika bwinobwino, ndinalemba ndine kodi yake, koma ndinangoti, "Ndamva." Ndinadikira kuti mwina mkwiyo ubwera, kapena misozi, chilichonse. Sikunabwere kanthu. Ndinkangomva fani ya seva ikulira.

Foni inabwerera kwa Enifa. Anali atamva zokwanira, chifukwa mawu ake anasintha.

"A Vitus, pepani. Sindimadziwa kuti ndinu. Ndiye ndilembe kuti kwanu ndi kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule Phalombe, koma bokosilo linkafuna mudzi, osati boma. Bokosi la positi silikanalowa, ndinali nditatseka ndekha njira imeneyo kuti atsikana asamachite ulesi. Esiteti ija inasintha dzina. Lilongwe inali nyumba ya lendi imene munalowa anthu ena.

"Dikirani pang'ono," ndinatero. "Musadule."

Ndinatsegula munda nambala wani pasikirini yanga. Zonse zinali momwe ndinazilembera Lamlungu lija. Consolata, mwini. Vitus, mwamuna. Madalo, mwana. Mtolo uja unkagwira ntchito yake: popeza mudzi unkakanika, zonse zinkabwerera m'malo. Enifa akanadina mpaka madzulo, seva ikanapitiriza kutibwezera pamodzi atatufe. Ndikanatha kumuuza kuti vutoli ndi lalikulu, lifuna sabata, alembe kaye m'kope. Palibe akanadziwa. Ndinaziganizira ndithu, ndipo kwa kanthawi ndinasangalala kuti pali chinthu chimodzi m'dziko muno chimene chikukana.

Koma Loweruka likanafikabe. Ndipo pa Kamwendo panali anthu pamzere, nthaka ili yonyowa, akufuna kukadzala.

Ndinatsegula fayilo. Ndinachotsa mizere itatu imene inkafunsa mudzi. Ndinalowa mu detabesi n'kuchotsa mawu awiri a Chingerezi amene ankaletsa malowo kukhala opanda kanthu. Ndinasunga, n'kuyambitsanso seva. Sindinalakwitse chilembo ngakhale chimodzi.

"Enifa, dinaninso."

"Ndisiye popanda kanthu?"

"Siyani choncho."

Mzere unadutsa pasikirini, woyera.

"Zatheka," anatero motsitsa. "Zikomo, a Vitus."

Ndinayang'ana ngati zonse zayenda bwino, chifukwa ndi mmene timachitira tikasintha kodi. Munda nambala wani, mwini Ruth, mudzi Msekeni, pansi pake Madalo. Kumapeto kwenikweni kwa makasitomala kunali tsamba latsopano: Vitus Maliko. Pa mudzi panalibe kanthu. Pa ana panalibe kanthu. Kodi inagwira ndendende momwe mayi Rhoda anafunira.

Mayi Rhoda anasuzumira pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Enifa amati chinakana?"

"Ndakonza, mayi."

"Inu ndiye dokotala wathu," anatero, n'kubwerera kwa makasitomala.

Masana onse ndinagwira ntchito. Ndinakonza tsamba la lole kuti lisamasokonezeke likapeza kasitomala wopanda mudzi, lizingomudumpha. Ndinadya chipisi cha pamsika. Nthawi yoweruka itakwana ndinatseka kachipinda, kukwera minibasi, kutsika pamsewu wa ku Ludzi, n'kutenga njinga yanga pagolosale.

Madalo anali pamtengo wa mango, mapazi ali matope okhaokha. Anandithamangira, ndinamunyamula n'kumukhazika pakaliyala, iye n'kulowetsa zala mu lamba wanga monga mwa masiku onse. Tinayamba kuyenda. M'minda anthu anali akadali kudzala.

"Adadi, Loweruka kubwera alendo," anatero kumbuyo kwanga. "Agogo akuti ndidzavale diresi ya kutchalitchi. Amalume agula nkhuku ziwiri."

"Eya."

"Ndi phwando la ndani?"

"Langa."

"Lanu?" Anaseka, n'kundimenya pamsana ndi mutu wake. "Ndiye mudzandipatse chiwindi. A Ruth amandimana."

"Ndidzakupatsa."

Apo ndi pomwe zinandipeza. Zinayambira pamsana, pomwe panagunda mutu wake, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Epulo ndinamva kuwawa kwenikweni, kwanga, kosabwereka. Denga la nyumba yathu linali litayamba kuoneka kuseri kwa nthochi. Ndinagwira mabuleki, n'kutsika, n'kuyamba kukankha njinga iye ali pomwepo.

"Bwanji mwatsika, adadi? Tayala laphwa?"

"Ayi, silinaphwe."

"Nanga bwanji?"

"Ndikufuna tifike mochedwa."

Sanafunsenso. Lamba anali atamuthawa, ndiye anagwira mkono wa malaya anga, ndipo tinapita choncho, pang'onopang'ono, matope akumatirira ku matayala.